Waona Chiyani Kuti Unene Choncho?

Mwana wa zaka zisanu mukamuonetsa chithunzi amayamba kubwebweta pomwepo: uyu ndi galu, uyu akulira, uyu akuthawa. Mwana yemweyo akafika Fomu 2 amangoti "n'chabwino" kapena "kaya, aphunzitsi", maso ali pansi. Sikuti maso ake afooka ayi. Waphunzira kuti funso lililonse la m'kalasi lili ndi yankho limodzi, ndipo yankholo lili m'mutu mwa aphunzitsi. Mafunso otsatirawa ndi amene aphunzitsi, makolo ndi otsogolera magulu a achinyamata amakonda kufunsa akamva kuti kuyang'ana chojambula kapena chosema nalo ndi luso loyenera kuphunzitsidwa.

Kodi kuyang'ana chithunzi n'kofunika kuchita kuphunzitsa? Si aliyense ali ndi maso?

Maso tili nawo, koma amathamanga. Mu 2001 akatswiri awiri, Jeffrey Smith ndi Lisa Smith, anafalitsa zimene anapeza atayeza nthawi imene alendo amaima pa zithunzi zotchuka ku Metropolitan Museum of Art, mumzinda wa New York. Pa chithunzi chimodzi munthu ankangotha masekondi pafupifupi 27. Awatu ndi anthu amene anachita kunyamuka kunyumba kuti akaone zithunzizo. Nanga mtsikana amene chala chake chinazolowera kukankha zithunzi pa foni angaime masekondi angati?

Jennifer Roberts, amene amaphunzitsa mbiri ya zaluso pa yunivesite ya Harvard, amatuma ophunzira ake kukakhala maola atatu akuyang'ana chithunzi chimodzi asanalembe kanthu. Ife sitingapemphe zotero kwa mwana wa Fomu 1. Koma mphindi ziwiri ali duu, osakweza mkono, osanong'onezana, n'zotheka. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. M'mphindi yoyamba ana amaona chachikulu chimene chili pakati. M'mphindi yachiwiri m'pamene amaona kuti bambo wa kumbuyoyo alibe nsapato, kuti chitseko n'chotsekula, kuti mthunzi wagwera kumanja.

Chimene tikuphunzitsa kwenikweni n'chimodzi: kusiyanitsa chimene diso laona ndi chimene mutu waganiza. "Mayi waika manja kumutu", ilo ndi diso. "Mayiyu waferedwa", uwo ndi mutu. Zonse n'zofunika, koma chachiwiricho chiyenera kutsamira pa choyamba. Ambiri a ife, ndi akulu omwe, timalumphira chachiwiri osadziwa n'komwe kuti talumpha.

Ndiye phunziro lotere limayamba bwanji?

Njira imene ndimaikhulupirira inachokera kwa anthu awiri a ku America. Philip Yenawine ankayang'anira za maphunziro ku Museum of Modern Art ku New York kuyambira 1983 mpaka 1993. Abigail Housen anali katswiri wa kaganizidwe ka munthu, ndipo anatha zaka zambiri akumvetsera zimene anthu amanena akamayang'ana zithunzi. Awiriwa anapeza kuti alendo ankasangalala ndi zimene owaperekeza ankafotokoza, koma zochepa kwambiri ndi zimene zinkatsala m'mutu. Njira imene anakonza imatchedwa Visual Thinking Strategies, ndipo yonse yaima pa mafunso atatu. M'chithunzi muno mukuchitika chiyani? Waona chiyani kuti unene choncho? N'chiyaninso china chimene tingapeze?

Loyambalo limamasula pakamwa, chifukwa silifuna kuti mwana adziwe dzina la wojambula kapena chaka. Lachitatu limaletsa kalasi kukhazikika pa yankho loyamba. Koma mwini nkhani ndi lachiwiri. Tiyerekeze kuti mwapachika chithunzi cha m'nyuzipepala choonetsa anthu pa depoti.

"Madamu, abambo awo aberedwa."

"Akuti abambo a jeketewa aberedwa. Waona chiyani kuti unene choncho?"

"Akupisa m'thumba, ndiye nkhope yawo yakwinyika."

"Waona dzanja lili m'thumba ndi nkhope yokwinyika. N'chiyaninso tingapeze?"

"Ine ndikuona ngati sanaberedwe, Madamu. Akufunafuna ndalama yolipira, chifukwa kondakitala watambasula dzanja."

Taonani zimene mphunzitsiyu wachita. Wabwereza mawu a mwana aliyense, chala chili pa malo amene akunenedwa, kuti a kumbuyo amve ndi kuona. Sananene kuti "wakhoza", sananenenso kuti "walakwa". Kusayamikaku kumavuta, chifukwa pakamwa pathu panazolowera "muombereni m'manja". Koma mukangoombetsa m'manja yankho limodzi, ana onse amadziwa kuti mlandu watha, ndipo amasiya kuyang'ana.

Sukulu yathu ilibe zithunzi, ilibe magetsi, ndipo kumyuziyamu n'kutali. Tiyang'ana chiyani?

Funso ili limandiwawa, chifukwa limaonetsa kuti tinavomereza zoti zaluso ndi zinthu zokhala m'mafelemu m'mayiko a eni. Yambani ndi chitenje. Pemphani ana atatu abwere ndi zitenje za amayi awo: china cha mpingo, china chogula pa msika, china chimene bungwe linagawa pa msonkhano. Zipachikeni pa bolodi. Kodi chobwerezedwa n'chiti, ndipo chabwerezedwa kangati? Diso likuyambira pati, likukathera pati? Mawu alembedwa m'mphepete kapena pakati? Chitenjechi chikavalidwa, chizindikiro chachikulucho chimafika pati pa thupi? Amene anachijambula anaganiza za wovala, osati za khoma, ndipo ana akatulukira zimenezi ndiye kuti ayamba kuganiza ngati amisiri.

Kenako ndalama. Aliyense amazigwira tsiku ndi tsiku, koma tafunsani kalasi kuti kuseri kwa K200 kuli chiyani, muone mmene kuchitire zii. Kutsogolo kuli Rose Chibambo, mayi yekhayo pa ndalama zathu zapepala, ndipo kuseri kuli nyumba ya malamulo ya ku Lilongwe. K500 ili ndi John Chilembwe ndi damu la Mulunguzi la ku Zomba. K1000 ili ndi Kamuzu Banda ndi nkhokwe za chimanga za ku Mzuzu. Wina anakhala pansi n'kusankha kuti nkhope iyi iyende ndi chithunzi ichi. Ankafuna kuti tiganize chiyani za dziko lathu? Ndani amene palibe, amene ana akuona kuti akanayenera kukhalapo? Mtsutso wa funso lomalizali utha kutha piriyodi yonse.

Ndiye pali zikwangwani za pa golosale ndi pometera tsitsi, makatuni a m'nyuzipepala, mbiya ndi nkhali, lichero, dengu, mpando wosema, mtanda wa m'tchalitchi, makoma amene amayi amakongoletsa ndi dothi lofiira, loyera ndi lakuda. A ku Blantyre ali ndi mwayi wina. Tchalitchi cha St Michael and All Angels chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, munthu amene sanaphunzire za zomangamanga, pamodzi ndi amisiri a kuno amene anaumba ndi kuotcha njerwa zake. Kuimika ana pa khoma limodzi la tchalitchicho n'kuwauza kuti apeze maumbidwe osiyanasiyana a njerwa ndi phunziro lathunthu, ndipo silifuna magetsi.

Ngati mphunzitsi sanena kuti "walakwa", ndiye kuti yankho lililonse n'lolondola?

Ayi ndithu. Chithunzi chitha kusenza matanthauzo angapo, koma si lililonse. Woweruza ndi chithunzicho. Mwana akati "munthuyu ndi wokondwa" koma n'kulephera kuloza kanthu, anzake amaona okha kuti mawuwo alibe potsamira, ndipo mphunzitsi safunika kumuchititsa manyazi.

Pali pamene ndimasiyana ndi ena amene amatsata njira ija mosapatuka. Iwo amati mphunzitsi asanene mbiri ya chithunzi pokhapokha ana atafunsa. Kwa ana aang'ono zingakhale bwino. Koma mnyamata wa zaka 16 amafuna kudziwa zoona zake, ndipo akazindikira kuti mukudziwa koma mukubisa amaona ngati mukumuseweretsa. Mbiri iperekedwe. Nkhani yagona pa nthawi yoiperekera ndi kuchuluka kwake.

Tengani chiboliboli cha Samson Kambalu, Mmalawi wobadwa mu 1975 amene amaphunzitsa pa yunivesite ya Oxford. Chinaimikidwa pa Trafalgar Square, pakati pa London, mu September 2022, n'kukhala pamenepo mpaka 2024. Zithunzi zake zili pa intaneti. Aonetseni ana osanena kanthu. Adzaona amuna awiri ovala masuti ndi zipewa, wina wamtali pafupifupi kuwirikiza kawiri mnzake. Wina adzati ndi bambo ndi mwana wake. Mnzake adzatsutsa kuti wamfupiyo thupi lake ndi la munthu wamkulu. Wachitatu adzati ndi bwana ndi wantchito. Alekeni alimbane nazo mphindi khumi.

Mukatero apatseni mfundo imodzi yokha: wamtaliyo ndi John Chilembwe, wamfupiyo ndi mmishonale wachizungu John Chorley, ndipo Kambalu anatengera chithunzi chimene chinajambulidwa mu 1914 pa tchalitchi chatsopano cha Chilembwe ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Bwererani ku mafunso aja. Tsopano msinkhu uja wayamba kulankhula, ndipo amene anati "bwana ndi wantchito" adzafuna kuganizanso kuti bwana ndi uti. Dikirani pang'ono, ndiye muwonjezere yachiwiri: masiku amenewo munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu. Ana amene poyamba anatchula chipewa ngati chovala wamba adzachiyang'ananso ndi maso ena. Pomaliza auzeni kuti Chilembwe anaukira atsamunda pa 23 January 1915, kuti anaphedwa patangopita masiku ochepa, kuti tchalitchi chija chinagumulidwa, ndiponso kuti bwalo limene chibolibolicho chinaima ndi la zipilala za akazembe a nkhondo a Britain.

Mukanayamba ndi mbiri yonseyi ana akanangolemba manotsi, ndipo chipewa chikanakhala mfundo yoloweza. Koma poti anachiona okha musanachitchule, tanthauzo lake ladzagwera pa chinthu chimene chili kale m'manja mwawo. Patsalanso funso limodzi lokoma. Kambalu anatcha ntchitoyi Antelope, dzina la nyama ya m'gulu la agwape, chonsecho palibe nyama iliyonse imene ikuoneka. Lisiyeni m'manja mwa ana. Wa ku Dedza kapena ku Kasungu mwina adzakumbukira kasiyamaliro wa Gule Wamkulu.

Achinyamata ambiri amangokhala chete, ena amangochita nthabwala. Titani?

Pa msinkhu uwu chimene mwana amaopa koposa si kulephera mayeso koma kusekedwa ndi anzake. Kuwonjezera apo tinawalera kuti mwana satsutsa wamkulu, ndiye mphunzitsi akangoonetsa kumene mtima wake wapendekera, onse amatsatira komweko. Choncho yambani ndi ntchito imene munthu sangalakwe. Aliyense atchule chinthu chimodzi chimene akuona, osabwereza cha mnzake. Oyamba asanu savutika. Pofika mwana wa 20 zoonekeratu zatha, ndipo onse otsala maso ali tong'o kufunafuna chawo.

Musanatsekule zokambirana, aliyense alembe kaye ziganizo ziwiri m'kope. Izi zimathandiza makamaka atsikana, amene m'makalasi ambiri amamizidwa ndi anyamata ofulumira kukweza mkono. Wolemba kale ali ndi choti anene akalozedwa. Masewera ena abwino ndi awa: akhale awiriawiri mofulatirana, wina ali ndi chithunzi, winayo ali ndi pensulo ndi pepala. Wa chithunziyo afotokoze, mnzakeyo ajambule zimene akumva. Akatembenukirana amaseka, koma amazindikira kuti kunena kuti "pali nyumba" sikukwanira. Ili mbali iti? Yafoleredwa ndi chiyani? Ikukula bwanji poyerekeza ndi mtengo?

Wanthabwala musamuthamangitse. Akati, "Sala, ameneyo ndiye wakhuta kachasu," mufunseni ndi nkhope yomweyo imene mumafunsira ena: waona chiyani kuti unene choncho? Adzayankha kuti munthuyo waima mopendekeka, malaya ali pamtunda, diso limodzi latsinzina. Kawirikawiri wanthabwala ndiye amakhala ndi diso lakuthwa m'kalasi monse, ndipo akaona kuti mawu ake alandiridwa ngati a wina aliyense amalowa m'ntchito.

Aphunzitseninso katsutsidwe kaulemu: "Ndamva zimene wanena, koma ine ndikuona zina pa ngodya apo." Ndipo pa nthawi yokambirana aloleni alankhule Chichewa, Chitumbuka, Chiyao kapena chilankhulo chilichonse chimene akumvana. Ndikudziwa kuti sukulu zambiri zimafuna Chingerezi chokhachokha, ndipo polemba atha kulemba m'Chingerezi. Koma mwana amene akusakasaka liwu la Chingerezi wasiya kuyang'ana chithunzi, ndipo akalephera kulipeza amameza chimene anaona.

Nanga m'kalasi ya ana 90?

N'zotheka, bola chinthucho chizioneka. Chitenje chimaoneka mpaka kumbuyo, foni ayi. Gawani ana m'magulu a anthu khumi, gulu lililonse ndi chinthu chake, ndipo mwana mmodzi akhale wofunsa mafunso atatu aja. Foni ipite ku gulu limodzi, sabata yotsatira ku lina. Mphindi 20 pa chinthu chimodzi sabata iliyonse zimaposa tsiku lathunthu kamodzi pa teremu.

Kodi zojambula za m'mapanga a ku Dedza ndi Gule Wamkulu zingalowe m'phunziro lotere?

Ziyenera kulowa, koma mosamala. M'mapiri a Chongoni, m'boma la Dedza, muli malo 127 okhala ndi zojambula za pa miyala, ndipo UNESCO inaika deralo pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Kumene alendo amafika kawirikawiri ndi ku Chentcherere, ku Namzeze ndi ku Mphunzi. Kwa wophunzitsa kuyang'ana miyala imeneyi ndi mphatso, chifukwa pa thanthwe limodzi pamapezeka manja a anthu a nthawi zosiyana. Zofiira ndiye zakale. Akatswiri amati anajambula ndi Akafula, alenje amene ankakhala kuno, ndipo zambiri ndi mizere, timadontho ndi zozungulira. Zoyera anajambula ndi Achewa, popaka dothi loyera ndi chala, ndipo zina ndi za m'zaka za m'ma 1900 momwemu. Musawauze ana kuti zakale ndi ziti. Apeze okha. Wina adzaona pamene choyera chakwera pamwamba pa chofiira, ndipo adzakhala atagwiritsa ntchito nzeru yomweyo imene ofukula zakale amadalira.

Zina mwa zoyerazo zimaonetsa nyama yotambalala, miyendo uku ndi uku, yoonedwa kuchokera pamwamba. Ofufuza monga Benjamin Smith ndi Leslie Zubieta anasonyeza kuti zimenezi zimagwirizana ndi chinamwali cha atsikana, pomwe zina, monga za ku Namzeze, zimaonetsa zilombo za Gule. Tisaphonye chimene izi zikutiuza. Anamkungwi ankalangiza achinyamata ndi zojambula ndi zoumba kalekale sukulu isanabwere. Kuika chithunzi pamaso pa wachinyamata kuti atolepo nzeru si chinthu chachilendo kuno.

Tsono kusamala. M'kalasi imodzi mumakhala ometa ndi osameta, ovinidwa ndi osavinidwa, ana a mipingo imene imakana Gule, ndi Asilamu. Mphunzitsi asakakamize mwana kuulula za kudambwe kapena za kutsimba, ndipo asalole wina kunyoza mwambo wa mnzake. Zimene zimaoneka pabwalo, mudzi wonse ukuona, n'zokwanira kukambirana: mtundu wa nkhope, mano, nthenga, sanza, kayendedwe ka chilombo, chimene anthu amaseka chikatuluka ndi chimene amathawa. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, ndi wodzaza ndi zilombo zodzudzula makhalidwe, ndipo ana a m'midzi ya Achewa amadziwa kuziwerenga kuposa aphunzitsi ambiri. Pa phunziro ili mwana amene amakhala chete pa masamu atha kukhala katswiri wa kalasi. Ku Mua, pa malo a Kungoni amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, myuziyamu ya Chamare imasunga nkhope za Gule zoposa 400. Musanapite ndi ana kumeneko, kapena kubweretsa zithunzi zake m'kalasi, kambiranani kaye ndi makolo ndi mafumu a dera lanu. Mphunzitsi wodumpha akuluakulu pa nkhani ya Gule amadziputira mlandu wosafunika.

Mukapita ku miyala ya ku Chongoni ija tengani wolondolera wa komweko. Ana asakhudze zojambulazo, asathire madzi kuti zioneke bwino, asalembe mayina ndi makala kapena choko. Ku Chentcherere zina zinawonongeka kale ndi mayina a alendo.

Ndiye za kunja tizisiye?

Ayi. Mwana wa ku Ntcheu ali ndi ufulu woona zimene anthu a dziko lonse apanga. Chimodzi chimene chimagwira mtima achinyamata kulikonse ndi Guernica, chimene Pablo Picasso anajambula mu 1937 ndege za Germany ndi Italy zitaphulitsa tauni ya dzina lomwelo ku Spain pa 26 April chaka chomwecho. N'chachikulu, pafupifupi mamita 3.5 kukwera m'mwamba ndi 7.8 m'litali, ndipo lero chili ku Madrid. Mulibe mtundu wina koma wakuda, woyera ndi wotuwa. Muli hatchi yoyasama, ng'ombe yamphongo, nyali, ndi mayi wanyamula mwana wakufa, nkhope ili kumwamba. Ndege mulibe, bomba mulibe.

Ana amayamba ndi kuseka, amati munthuyu sankadziwa kujambula. Musakhumudwe. Apatseni makala ndi pepala, ajambule munthu amene akukuwa, popanda kulemba liwu lililonse. Adzapeza kuti nkhope yoongoka bwino siikuwa, ndipo akabwerera kwa Picasso kuseka kumakhala kutachepa. Komanso dziwani ana anu. Amene anaona zimene namondwe Freddy anachita ku Blantyre, ku Mulanje ndi ku Phalombe mu March 2023 sasowa wowafotokozera za mayi uja, ndipo ena chithunzicho chingawatukusire chilonda. Wofuna kukhala chete msiyeni. Za zithunzi za anthu osavala, zimene n'zambiri m'zaluso za ku Ulaya, palibe chokukakamizani. Zosankha zina n'zosawerengeka.

Izi sizibwera pa mayeso a MSCE. Si kutaya nthawi?

Kholo lofunsa chonchi lili ndi chifukwa, fizi sikutola. Koma taganizani za mayeso a Biology, pamene mwana amapatsidwa tsamba kapena kachilombo kuti ajambule chimene akuona. Ambiri amajambula chimene analoweza m'buku, osati chimene chili pa tebulo. Taganizani za ndakatulo, pamene funso limati perekani umboni wochokera m'ndime. Ndi funso lachiwiri lija, kungoti lavala malaya ena.

Madotolo anazindikira izi. Irwin Braverman, dotolo wa matenda a pakhungu pa yunivesite ya Yale, sankakhutira ndi mmene ophunzira ake ankafotokozera zimene akuona pa odwala. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anayamba kupita nawo ku Yale Center for British Art kuti akafotokoze zithunzi zopentedwa mwatsatanetsatane. Zotsatira zake zinatuluka mu 2001 m'magazini ya madotolo ya JAMA: amene anachita nawo ankafotokoza bwino zithunzi za odwala kuposa anzawo. Ku New York, Amy Herman anaphunzitsa apolisi mwa njira yofanana.

Palinso foni. Pa WhatsApp ndi pa Facebook pamayenda zithunzi zakale zopatsidwa nkhani yatsopano, za dziko lina zonamiziridwa kuti n'za kuno, ndi zina zopangidwa ndi kompyuta. Mwana wozolowera kufunsa kuti waona chiyani amayang'ana nambala ya galimoto, chilankhulo cha pa chikwangwani, mbali ya msewu imene galimoto zikuyenda, asanatumize kwa ena.

Komabe sindikufuna kubisala kuseri kwa mayeso. Ngakhale zikanakhala kuti sizithandiza pa Biology, ndikanalimbikirabe. Mnyamata akaima pa chosema n'kumva chinthu chimene sanamvepo, n'kupeza mawu ochinenera, anzake n'kumutchera khutu, walandira chimodzi mwa zinthu zimene sukulu inayenera kumupatsa.

Tichonga bwanji?

Musachonge tanthauzo, chongani njira imene mwana wadzera. Alembe ndime imodzi pa chithunzi chimene sanachionepo. Kodi zimene watchula zilipodi? Kodi ganizo lake walimangirira ku zimenezo? Kodi waganizako kuti wina angachione mwina? Sungani zimene analemba kumayambiriro kwa teremu, mudzayerekeze ndi za kumapeto. Mukaona kuti "chifukwa" ndi "mwina" akuchuluka m'ziganizo zawo, ntchito ikuyenda.

Bwanji ngati mwini wake wa chojambula atanena kuti sankatanthauza zimene ana anena?

Muitaneni kuti mumve. Pafupi ndi sukulu iliyonse pali woumba mbiya, wosema ziboliboli, woluka malichero kapena wolemba zikwangwani. Abwere ndi ntchito yake imodzi. Ana aiyang'ane ndi kukambirana iye ali chete, ndipo alankhule pomaliza.

Pa za kapangidwe mawu ake ndiwo omaliza. Ndiye akudziwa kumene amakumba dothi, chifukwa chake mbiya iyenera kuuma pamthunzi isanaotchedwe, kusiyana kwa mlombwa ndi phingo pansi pa sompho. Apa ana adzapeza kuti zina zimene amaziyesa zokongoletsa zili ndi ntchito: khosi la mtsuko n'lopapatiza kuti madzi asatayike poyenda. Zina zimene amaziyesa zadala zinabwera chifukwa mtengo unali ndi mfundo pamenepo, wosema n'kuikhotetsera mkono.

Pa za tanthauzo mawu ake ndi umboni wolemera, koma satseka nkhani. Amisiri ambiri sakonda kumasulira ntchito zawo, ndipo ena amasintha. Picasso mu 1945 anauza wina kuti ng'ombe ya mu Guernica ikuimira nkhanza ndi mdima. Patapita zaka ziwiri anati ng'ombeyo ndi ng'ombe basi, hatchiyo ndi hatchi. Ngati mtsikana waona chisoni pa nkhope yosemedwa, n'kuloza maso ogwa ndi mapewa otsika, wosemayo n'kunena kuti iye amangosema agogo ake ali kupuma, onse awiri alankhula zoona. Mtsikanayo asafufute chimene analemba. Awonjezere pansi pake chimene wamva kwa mwini wake, n'kuona ngati ziwirizo zingakhalire limodzi.

Mlendo wotereyu wasiya ntchito yake ya tsiku limenelo, choncho asabwerere chimanjamanja. Sukulu imugule chinthu chimodzi chotsala m'kalasi, kapena imupatse kangachepe. Ana amulonjere monga wamkulu, "agogo", "amalume", "amayi", ndipo musawaletse kufunsa kuti chinthucho chinatenga masiku angati ndipo amagulitsa zingati.